Lilongwe akugoneka antchito ake m'minda ya eni

Aliyense amene wasakako nyumba ya lendi yokwana banja mu Lilongwe zaka zino wamvapo langizo ili: tulukani m'tauni, pitani cha ku Njewa, ku Chitedze kapena ku Mpingu, kumeneko nyumba n'zotchipa. Madobadoba amatero, anzathu kuntchito amatero, ndipo abwana a kumayadi amene safuna kukweza malipiro a mlonda wawo amateronso. Ine ndikukana. Nyumba za m'mbali mwa msewu wa Mchinji sizotchipa ayi. Mtengo wake ngwathunthu, kungoti landilodi amatengako gawo limodzi, lina amatenga kondakitala, lina amalipira ndi ana amene sakuonanso makolo awo dzuwa lili poyera, ndipo lalikulu kwambiri akulipira ndi alimi a kuno kumadzulo kwa mzinda amene minda yawo ikusanduka mapuloti. Amene sakutulutsa kanthu ndiwo akudyerera: mzinda wa Lilongwe ndi mayadi ake.

Tiwerengere limodzi. Mu Juni 2025 boma lidaika K72,800 pamwezi ngati malipiro otsikitsitsa a wantchito wa pakhomo, ndi K126,000 kwa antchito ena ambiri. Mukagawa K72,800 pa masiku 26 ogwira ntchito, tsiku limodzi likukwana K2,800. Petulo adafika pa K2,530 lita imodzi mu Novembala 2023, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti, ndipo chiyambire pamenepo wakweranso. Ndiye kuti mayi amene amachapa, kusita, kuphika ndi kulera ana a eni ku Area 10 kuyambira m'mawa mpaka madzulo, thukuta lake la tsikulo likungopitirira pang'ono lita imodzi ya petulo, pa mtengo wakale womwe. Chitedze ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera m'tauni. Minibasi ya pa msewu wa Mchinji simufikitsa ku Area 10, ku Area 12 kapena ku Area 43. Ayenera kutsika, akwere ina, kenako ayende wapansi kapena apeze kabaza, pakuti m'misewu ya m'mayadi minibasi silowa. Madzulo ulendo ndi womwewo chobwerera. Funsani kondakitala aliyense ngati K2,800 ingakwane ulendo umenewu, kupita ndi kubwera, n'kutsalako ya ufa.

Singakwane, ndipo n'chifukwa chake ambiri sakwera. Amene akukayika adzuke m'bandakucha, akaime pa siteji ya pa Chitedze. Kusanayere msewu umakhala utadzaza kale. Njinga za makala ndi za nkhuni zimakhala zitandandalika kulowera kum'mawa, ndipo pakati pake pali njinga zopanda katundu, wopalasa atavala yunifolomu ya kampani ya alonda, wina atamangirira ovolosi ndi kontena ya nsima ya dzulo pakaliyala. Amayi aima m'mbali, chitenje chili kumutu chifukwa cha mphepo ya Juni, kudikira Sienta kapena lole imene ingamve kunenerera. Kukangowala amayamba kubwera ena: alonda amene achezera pageti la eni, maso ali psuu, akupalasa kulowera kumadzulo kukagona masana m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Kunyumba kwa mayi uja, mwana wa Sitandade 5 ndiye wakoleza mbaula, wasambitsa ang'ono ake, watseka chitseko n'kubisa kiyi. Mayi ake adzafika kutada, wamng'ono atagona kale osasamba. Pa Sabata pokha ndi pamene banja limeneli limadyera pamodzi, ngati abwana alibe alendo.

Musaganize kuti ndi alonda ndi antchito a pakhomo okha. Pa siteji yomweyo mupezapo mphunzitsi wa sukulu yolipira ya ku Area 47, mtsikana wa patilu m'sitolo za ku Gateway Mall, dalaivala wa bungwe, namwino, kalaliki wa ku Capital Hill. Awa ali ndi malipiro ooneka, koma ali ndi ana atatu ndi mlamu amene akuphunzira, ndipo nyumba ya zipinda zitatu ku Area 49, ku Area 25 kapena ku Area 18 idawapitirira kalekale. Iwowa akafika kuno amakwanitsa kulipira zambiri kuposa mlonda, lendi n'kukwera, mlonda n'kusunthira ku Mpingu, ndipo mawa adzasunthira ku Msundwe.

Zimenezi sizidangochitika zokha. Mzinda wa Lilongwe udachita kukonzedwa kuti wosauka azigona kutali. Pamene Dr Kamuzu Banda adaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, ndalama zoyambira zidali ngongole yochokera ku boma la tsankho la South Africa, ndipo mapulani oyamba adajambula ndi akatswiri a konko. Likulu lidasamuka mu 1975. Mapulaniwo adagawa mzinda m'maeriya a manambala, otalikirana, pakati pake pali tchire, mitsinje ndi nkhalango. Mabwana adapatsidwa mapuloti aakulu pafupi ndi Capital Hill ndi City Centre. Anthu wamba adaponyedwa uko ku Area 25 pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndi kumwera cha ku Kawale ndi Area 23. Udali mzinda wa munthu wa galimoto, m'dziko limene ambiri amayenda wapansi.

Nanga wotumikira m'mayadimo ankagona kuti? Kuseri kwa nyumba yaikulu kudamangidwa boyisikota, kachipinda kamodzi kapena tiwiri. Amene adajambula kachipindako ankaona wantchito ngati mwamuna mmodzi wopanda mkazi, wopanda mwana, amene banja lake lili kumudzi ndipo amakalionera pa holide. Maganizo amenewo, akuti wantchito ndi manja awiri basi, sadathe mpaka lero. Chasintha n'chakuti boyisikota ija eni nyumba ambiri adaipaka penti, adaikamo matayilosi, n'kuichititsa lendi kwa mnyamata wa kubanki. Wantchito adatulutsidwa kunja kwa mpanda, ndipo palibe amene adafunsa kuti akagona kuti.

Anthu adadziyankha okha. Moyandikana ndi Area 47 mudamera Mtandire ndi Mtsiliza, pafupi ndi Area 12 ndi Area 43 padamera Kauma, kwinaku Chinsapo, Senti ndi Mgona. Aliwonse mwa malo amenewa ndi chipinda chogona cha yadi ina yake. Lipoti la UN-Habitat la 2011 lidati anthu pafupifupi 76 mwa 100 alionse a mu Lilongwe amakhala m'malo osakonzedwa ngati amenewa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mu mzindawu, ndipo mzinda sudaleke kukula. Mtandire adadzaza mpaka m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo mu Febuluwale 2017 mtsinjewo utasefukira tidaona tonse nyumba zikugwa, anthu akupulumutsidwa ndi helikopita ya asilikali. Bambo amene akufuna zipinda ziwiri kuti ana aakazi asagone ndi aamuna, ndi pabwalo poti mwana n'kukwawa osalowa m'ngalande, m'menemo malo sakuwapezanso. Amanyamula katundu pangolo kapena pa kalole, n'kulunjika kumadzulo.

Kusaka nyumbako pakokha n'kozunza. Dobadoba amayamba walandira ya kuonera asanakuonetseni ngakhale chitseko. Mukafika, ndi mdadada wa zitseko zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, njerwa zosapaka pulasitala, khonde limodzi, chimbudzi chimodzi ndi bafa limodzi kuseri, mita ya magetsi imodzi imene alendi onse amasonkherana n'kumakanganirana za amene ali ndi hotipuleti. Landilodi asanatchule mtengo amakuyang'anani, n'kufunsa kuti, "Muli ndi ana angati?" Mukati anayi, nkhope imagwa. Ana amadzaza chimbudzi msanga, amalemba pakhoma, amaswa magalasi, amathyola mango asanapse. Mbeta kapena banja latsopano ndiye alendi ofunika. Mukapulumuka funso limenelo, pakubwera la miyezi itatu ya patsogolo, kuphatikizapo gawo la dobadoba. Munthu wa K126,000 ndalama imeneyi aitenga kuti ngati si ku banki mkhonde kapena kwa wa katapila? Amalowa m'nyumba ali kale m'ngongole, popanda pepala lililonse losainirana, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi uthenga umabwera pafoni woti kuyambira mwezi wa mawa lendi yakwera, ngati simukwanitsa pali ena akufuna. M'dziko limene timati mwana ndi mphatso, kukhala ndi ana kwasanduka mlandu pamaso pa mwini nyumba, ndipo palibe ofesi imene mlendi amadziwa kuti angakadandauleko n'kumveredwa.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi nthaka. Dera lino si tchire lodikira tauni. Chigwa cha kumadzulo kwa Lilongwe ndi nkhokwe ya dziko lino: chimanga, mtedza, soya, fodya, nyemba. N'chifukwa chake malo a kafukufuku wa zaulimi adaikidwa pa Chitedze mu 1948, ndipo mtedza wa CG7 umene alimi amadzala kuyambira ku Karonga mpaka ku Chipata udatenga dzina lake pano. N'chifukwa chakenso chitukuko chachikulu cha Lilongwe Land Development Programme, cha ndalama za World Bank, chidayambira kuno mu 1968. Pansi pa malamulo a malo a 1967, minda ya kumadzulo kwa Lilongwe idayezedwa n'kulembetsedwa m'dzina la mabanja, zimene akuluakulu amazikumbukira kuti ndunda. Cholinga chidali chakuti banja likhale ndi chitetezo pa munda wake. Munthu mmodzi ankalembedwa ngati woimira banja lonse, woisunga nthakayo m'malo mwa mbumba.

Lero yendani m'misewu ya fumbi yopatuka pa tala pakati pa Njewa ndi Mpingu. Muona mizere ya chaka chatha ikuonekabe pansi, mapesi ali gonegone, koma m'makona mwa munda mwazikidwa timiyala ta simenti. Pakati pa mundawo wina waumba njerwa ndi dothi lomwelo limene linkabala mtedza, dzenje lasiyidwa kukamwa, uvuni ukufuka ndi mitengo ya mango ya m'mudzimo. Wogula ndi wa m'tauni, kawirikawiri wa kumayadi komweko, amene akugula mapuloti atatu anayi kuti amange midadada ya lendi kapena angosunga mpaka mtengo ukwere. Wogulitsa nthawi zambiri ndi mwini mbumba, atsibweni amene adayenera kusunga malo a alongo awo ndi ana a alongo awo. Fetereza wakwera, mwana akufuna fizi, wodwala ali kuchipatala, ndipo munthu waima pakhomo ndi ndalama zimene mlimi sadazigwirepo chibadwire. Sindingamuweruze msanga. Koma ndalama ija imagula njinga yamoto ndi malata, pakatha zaka ziwiri yatha, ndipo adzukulu amene akadalima pamenepo akupalasa kabaza kapena kuponya njerwa pa ganyu, pa munda wa agogo awo. Ena mwa iwo akuchita lendi m'mudzi mwawo momwe. Mafumu amene amasainira mapepala amenewa n'kulandira yawo akudziwa bwino lomwe kuti dambo, manda ndi njira ya ku mjigo zikupanikizidwa chaka ndi chaka.

Ena ati ichi n'chitukuko, tauni ikakula imadya midzi, ndi mmene zimakhalira kulikonse. Ayi, tauni ikhoza kukula mwa dongosolo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 lidaika dziko lonse, midzi yomwe, pansi pa mapulani. Bungwe la JICA la ku Japan lidathandiza kulemba mapulani a kakulidwe ka Lilongwe mu 2010. Mapepala alipo. Chimene palibe ndi munthu wa boma wofika pamalo nyumba zisanamangidwe, n'kunena kuti apa padutsa msewu, apa pakhala sukulu, apa ndi dimba, pasamangidwe. Chitedze ndi Mpingu zili kunja kwa malire a mzinda, pansi pa khonsolo ya boma la Lilongwe, imene ikuyang'aniranso Nsaru, Kabudula, Namitete ndi anthu oposa 1.6 miliyoni. Khonsolo ya mzinda imatolera msonkho wa nyumba za ku Area 10 ndi Area 47, koma antchito a m'nyumbazo akadwala, ana awo akafuna desiki, zinyalala zawo zikachuluka, mtolo umagwera khonsolo yakumudzi imene ilibe ndalama zotere. Zotsatira zake ndi chitsime chokumbidwa mapazi ochepa kuchokera pa chimbudzi cha mnansi. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Lilongwe adali mwa maboma okhudzidwa kwambiri, idayenera kutiphunzitsa kuti mayi womwa madzi a chitsime chimenecho ndi yemweyo amene akukonza saladi kuseri kwa mpanda wa magetsi.

Landilodi wamng'ono sindikumuyesa mdani. Mayi wamasiye amene wamanga zitseko zinayi ndi ndalama za penshoni ya malemu amuna ake, kapena mphunzitsi wopuma amene akumanga chipinda chimodzi pachaka, ndi amene akugwira ntchito imene boma lidaithawa. Alibe ngongole yotchipa. Reserve Bank itaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti mu 2024, ngongole ya kubanki yomangira nyumba idasanduka ya anthu ochepa zedi. Simenti ikakwera, mayiyo amakweza lendi, chifukwa nayenso ali ndi ana. Mlandu waukulu uli kwa amene ali ndi nthaka, malamulo ndi misonkho m'manja.

Malawi Housing Corporation idakhazikitsidwa mu 1964 kuti izimangira Amalawi nyumba. Patha zaka zoposa 60, nyumba zake m'dziko lonse ndi zikwi zochepa chabe, ndipo mlonda kapena wantchito wa pakhomo salota n'komwe zolowamo. Pulogalamu ya malata ndi simenti imene idayamba mu 2014 inkathandiza amene ali kale ndi malo awo. Boma lililonse likamakamba za nyumba limaona mwini puloti, pomwe unyinji wa antchito a mu mzinda ndi alendi. Ndalama zikapezeka zimapita ku misewu: mlatho wodutsana wa pa Area 18, msewu wa mizere isanu ndi umodzi wa Kenyatta. Misewuyo njokongola ndipo njofunika, koma ikuthamangitsa galimoto ya abwana, wopalasa njinga wa ku Chitedze akadali kukanganirana m'mphepete mwa tala ndi mathiraki opita ku Zambia. Mabasi a m'tauni a United Transport Malawi, kenako a Stagecoach, amene akuluakulu amawakumbukira, adatha kalekale, ndipo likulu la dziko la anthu pafupifupi miliyoni lilibe basi ya mzinda yoyenda pa nthawi yake ndi mtengo wodziwika.

Walira mvula walira matope. Mzinda umene ukufuna alonda, ophika, olera ana ndi otchetcha kapinga uvomerenso kuti anthu amenewa ali ndi mabanja ofunika pogona pafupi. Malo mu Lilongwe alipo. Aliyense woyenda mu mzindawu amaona mapuloti otchingidwa ndi mpanda zaka khumi, mkati muli chimanga cha mlonda, mwini wake akudikira mtengo. Malamulo a malo amalola boma kulanda puloti imene sidamangidwe m'nthawi yake. Lilande, ndipo malo oterowo asapitenso kwa amene ali nawo kale atatu. Apite ku nyumba za lendi za mabanja, zosanja ngati kungafunike, mkati mwa mzinda, pa mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi kupita kuntchito. Chitsanzo tili nacho: cha m'ma 2005 khonsolo ya mzinda idapereka malo ku Area 49 kwa gulu la anthu osowa nyumba logwira ntchito ndi bungwe la CCODE, ambiri mwa iwo amayi osunga ndalama pang'onopang'ono m'magulu, ndipo adamanga nyumba zawo. Zidatheka kamodzi, n'kusiyidwa ngati chionetsero cha alendo.

Kuno kumadzulo, nthawi yoti n'kupulumutsa china ikadalipo, makamaka kupitirira Mpingu. Makhonsolo awiriwa akhale pansi ndi mafumu a dera lino, ajambule poyera malo omanga ndi malo olima, ndipo mzinda uthirepo ndalama pa madzi, masukulu ndi zipatala za m'dera limene ukugonekamo antchito ake. Pasagulitsidwe munda wa banja popanda amayi a mbumbayo kuvomera pamaso pa anthu. Pa msewu wa Mchinji pakhale basi yaikulu ya m'mawa ndi madzulo, yochoka ku Mpingu kukafika ku City Centre ndi ku Area 10 popanda kutsikira m'depoti, ndi kanjira kotetezeka ka njinga m'mbali mwa tala. Njanji yochoka ku Kanengo kupita ku Mchinji idamalizidwa mu 1980 ndipo imadutsa m'dera lomwe lino, koma sinyamula wantchito ngakhale mmodzi wopita kuntchito m'mawa. Aphungu athu nawo atipatse lamulo lomveka la lendi: pangano lolembedwa, malire a miyezi ya patsogolo, nthawi yokwanira ya chidziwitso lendi isanakwere, ndi kuletsa kukaniza munthu nyumba chifukwa ali ndi ana.

Zonsezi zidikira bajeti ndi misonkhano. Inu a kumayadi simufunika kudikira aliyense. Ambiri mwa inu mumawadziwa dzina loyamba lokha anthu amene amakutsegulirani geti ndi kukulererani ana, ndipo mumakalipa akafika mochedwa tsiku la mvula. Mwezi uno ukamatha, musanapereke malipiro, afunseni komwe amagona, amadzuka nthawi yanji, amakwera kangati, ndipo ana awo amatsala ndi yani. Ndalama ya mayendedwe muipereke payokha, pamwamba pa malipiro, ndipo izikwera petulo akakwera. Amene amapalasa mumugulire nyali ndi matayala. Muwaweruse dzuwa likadalipo kuti akafike ku Chitedze ana asanagone. Ndipo ngati kuseri kwanu kuli boyisikota imene mukufuna kuichititsa lendi, woyamba kumufunsa akhale wantchito wanu, pamodzi ndi mkazi wake ndi ana ake onse.